Africa Hall yawalanso, koma yawalira ndani?

Kumayambiriro kwa 2026 bungwe la World Monuments Fund linalengeza kuti mphotho yomwe limapereka mogwirizana ndi kampani ya Knoll yapita ku ntchito yokonzanso Africa Hall, holo ya misonkhano ya mumzinda wa Addis Ababa ku Ethiopia. Mphothoyi inayamba mu 2008. Imapita kwa akatswiri amene apulumutsa nyumba ya kamangidwe kamene azungu amati modernism, ndipo kufikira chaka chimenechi inali isanagwerepo mu Africa muno. Inayenda ku Germany, ku Netherlands, ku Japan, ku Russia, ku France, ku England, ku Argentina, kenako ndiyo iyi yatipeza. Ndasangalala nayo nkhaniyi, ndisaname. Koma chisangalalo changa chili ndi kamchenga, ndipo ndikufuna tikaone kamchengako bwinobwino tisanayambe kuwomba m'manja.

Poyamba timvane za nyumba zimene tikukambazi, chifukwa mukuzidziwa ngakhale dzina lake simulitchula. Ndi nyumba zija za konkire za m'zaka za m'ma 1950, 1960 mpaka 1970: denga lafulati, mizere yowongoka, mawindo ataliatali, makhonde otakasuka, mizati yoonekera poyera popanda kuibisa. Kumaso kwake kumakhala timakoma ta konkire topyapyala, toimirira kapena topingasa, totchinga dzuwa kuti lisalowe m'chipinda koma mphepo izidutsa. Pena mupeza njerwa zamabowo zosanjidwa ngati nsalu yoluka. Zokongoletsa zamaluwamaluwa mulibe. Amisiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kukongola kwa nyumba kuzichokera pa ntchito yake ndi pa zipangizo zake, basi. Ku Ulaya kamangidweka kanakula pomanganso mizinda imene nkhondo yachiwiri inaphwasula. Kuno kwathu kanafika limodzi ndi mbendera zatsopano. Dziko likangolandira ufulu linkafuna yunivesite, banki yaikulu, bwalo la ndege, hotela ndi nyumba za maunduna, ndipo linkafuna kuti zisafanane ndi nyumba ya bwanamkubwa wachitsamunda. Konkire ndiye anali chinenero cha ufulu.

Vuto la nyumbazi ndi msinkhu wake. Ndi zakale moti zayamba kudontha, koma sizinakalambe kufika poti munthu azivulire chipewa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinatha kumangidwa mu 1891, palibe amene angayerekeze kunena kuti chigwetsedwe pamangidwe shopu. Mandala House ya 1882 chimodzimodzi. Koma nyumba ya 1968 timangoti "chinyumba chakalekale chija", ngati mmene timanenera foni imene yasiya kulandira WhatsApp. Si ife tokha ayi. Ku Delhi anagwetsa Hall of Nations ya Raj Rewal mu 2017, nyumba ya 1972 imene akatswiri a dziko lonse ankaigomera, akuluakulu oona za chuma chakale atanena kuti sinakwane zaka 60. Ku Tokyo anaphwasula Nakagin Capsule Tower mu 2022. Ndiye anthu amene amalimbana ndi zimenezi, monga a bungwe la Docomomo limene linayamba ku Netherlands mu 1988, akumenya nkhondo yeniyeni, ndipo kuwapatsa ulemu sikulakwa.

Tibwere ku Addis Ababa. Africa Hall anaimangitsa ndi Mfumu Haile Selassie kuti ikhale likulu la nthambi ya United Nations yoona za chuma cha Africa, ija amati ECA, imene inakhazikitsidwa mu 1958. Anaimanga m'miyezi 18 yokha n'kuitsegula mu February 1961. Patangodutsa zaka ziwiri, pa 25 May 1963, atsogoleri a mayiko 32 anakhazikitsa bungwe la OAU pa msonkhano umene unachitikira m'holo imeneyi. Ndi mmenemo Kwame Nkrumah anachonderera anzake kuti Africa ikhale ndi boma limodzi nthawi yomweyo, anzakewo n'kumumvetsera mwaulemu koma osalola. Tsiku la Africa limene timaliona pa ma status chaka ndi chaka linabadwira m'chipinda chimenecho. Ife tinalibe siginecha pa chikalata chija, popeza tinali tikadali Nyasaland. Ufulu unadza pa 6 July 1964, Zambia n'kutsatira mu October.

Amene anajambula mapulani a holoyi anali Arturo Mezzedimi, mzungu wa ku Italy amene anayambira ntchito yake ku Asmara. Apa ndimaima kaye nthawi zonse. Italy ndi dziko limene linathira nkhondo Ethiopia mu 1935, kulanda Addis Ababa mu 1936, ndi kupha anthu zikwizikwi mumzinda womwewo mu February 1937. Mfumu inathawira ku England, n'kukadandaula ku League of Nations osathandizidwa. Patatha zaka zosakwana 25, mfumu yomweyo ikupereka kwa mwana wa ku Italy ntchito yomanga nyumba imene idzakhale chizindikiro cha kumasuka kwa Africa. Ena amaona ngati chitonzo. Ine ndimaona ngati munthu amene akudziwa kuti wapambana, ndipo wogonjayo tsopano akhoza kumulemba ganyu. Kaya mutenga mbali iti, mfundo ndi yakuti nyumbayi siyoyera ngati mkaka, ndipo ndi chifukwa chake imandikoka.

Palinso china chimene zolemba zotamanda holoyi zimakonda kudumpha. Mu December 1960, miyezi iwiri yokha holo isanatsegulidwe, asilikali olondera mfumu anayesa kulanda boma mfumuyo ili paulendo ku Brazil. Anatsogolera ndi abale awiri, Mengistu Neway ndi Germame Neway, ndipo dandaulo lawo linali lakuti dziko latsalira, anthu wamba ali pa umphawi pamene mafumu ndi eni minda akudya. Analephera. Mengistu Neway anapachikidwa poyera mu March 1961, utoto wa Africa Hall usanaume n'komwe. Ndiye holo imene inalandira omenyera ufulu a kontinenti yonse inamangidwa ndi mfumu imene kwawo sinkafuna kumva za kusintha. Mu 1974, njala ya ku Wollo itapha anthu ochuluka, asilikali ena anaichotsa pampando. Nyumba inatsala.

Chimene anthu ambiri amapitira ku Africa Hall si konkire, ndi zenera. Polowera pali chithunzi chachikulu cha magalasi amitundumitundu, chokwana masikweya mita pafupifupi 150, chimene anajambula ndi Afewerk Tekle, katswiri wa ku Ethiopia amene anabadwa mu 1932 n'kumwalira mu 2012. Dzina lake ndi The Total Liberation of Africa, kutanthauza kumasuka kotheratu kwa Africa. Chili m'zigawo zitatu. M'mbali muli mdima ndi chinjoka, Africa ali pa goli kenako akulimbana nacho chilombocho. Pakati pali kuwala: anthu ovala zoyera za ku Ethiopia akutsogola atanyamula muuni, mitundu ina ili pambuyo pawo.

Ndinene maganizo anga pa zenerali mosapsatira. Ngati nkhani, ndi yophweka kwambiri, ngati sewero la ana a sukulu pa 6 July: dzulo mdima, lero nkhondo, mawa kuwala. Ndipo taonani amene wanyamula muuni. Ndi mwini nyumba. Afewerk anali wojambula wokondedwa ku nyumba yachifumu, ndipo chithunzichi chikunena zimene mfumu inkafuna kuti alendo ake amve, zakuti Ethiopia, amene sanakhale pansi pa atsamunda ngati enafe, ndiye mkulu wa banja. Koma galasi lili ndi khalidwe limene nsalu yopentedwa ilibe. Silioneka palokha, limadikira dzuwa. Addis Ababa ali pamtunda wa mamita oposa 2,300, kuwala kwake n'kwakuthwa, ndipo kukadutsa m'magalasi ofiira, obiriwira ndi achikasu aja kumagwera pansi ndi pa anthu amene akukwera masitepe. Nduna imene ikupita kukasaina pangano imalowa m'chithunzimo, mitundu ili pa jekete. Apo ndi pamene Mezzedimi ndi Afewerk anamvana bwino: wina anapereka khoma lonse, wina n'kulisandutsa nyali. Uthenga wa chithunzicho wakalamba, koma nzeru yoika chithunzicho pamenepo sinakalambe.

Tsono nanga okonzawa anachita chiyani kwenikweni? Ntchitoyi inatsogoleredwa ndi kampani ya ku Australia ya Architectus Conrad Gargett, inatenga zaka pafupifupi khumi kuyambira pa kafukufuku mpaka pomaliza, ndipo United Nations inaikapo ndalama pafupifupi madola 57 miliyoni a ku America. Holo inatsegulidwanso pa 21 October 2024, pamaso pa António Guterres ndi nduna yaikulu Abiy Ahmed.

Kuti mumvetse kumene ndalama zoterezi zimapita, muyenera kudziwa mmene konkire amafera. Tinakula tikumva kuti konkire ndi wamuyaya. Bodza. M'kati mwa mzati uliwonse muli zitsulo, ndipo simenti ikadali yatsopano imaziteteza kuti zisachite dzimbiri. Koma mpweya wa kaboni umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja, chaka ndi chaka, n'kumafooketsa chitetezo chija. Ukafika pa chitsulo, madzi n'kupeza njira, dzimbiri limayamba. Dzimbiri limatupa, limafuna malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha konkire kuchokera m'kati mpaka kung'aluka n'kugwa zibenthu. Mukaona khonde la nyumba yosanjikizana likuonetsa zitsulo zofiirira ngati nthiti za galu wanjala, ndi zimenezo. Amisiri a m'ma 1960 ankakonda timakoma topyapyala tooneka topepuka, kutanthauza kuti chitsulo chili pafupi kwambiri ndi kunja. Chimene chimakongoletsa nyumbazi ndi chomwecho chimene chimazipha msanga. Onjezanipo denga lafulati limene limasunga madzi paipi imodzi ikangotsekeka ndi masamba, mawaya a magetsi okalamba, ndi kuti Addis Ababa ali m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene chimagwedezeka ndi zivomezi, chigwa chomwechi chimene nyanja yathu yagonamo.

Ndiye gawo lalikulu la ntchito ya ku Africa Hall ndi losaoneka pa chithunzi: kulimbitsa mafupa a nyumba kuti ipirire chivomezi, kukonza njira zothawira moto, kuika zipangizo zamakono za misonkhano, kutsegula njira kuti wa pa njinga ya olumala alowe ngati wina aliyense. Izi ndimaziyamikira kuposa zonse, chifukwa ndi ntchito imene sipatsa munthu dzina. Wojambula mapulani aliyense amalota kusiya chizindikiro chake pa mzinda. Wokonza nyumba ya mnzake amapambana pokhapokha iwe ukalowa n'kulephera kuloza pamene wagwira.

Zooneka nazo zilipo. Mipando ndi matebulo oposa 500 amene Mezzedimi anajambulira holoyi anakonzedwa n'kubwezedwa m'malo mwake, m'malo mogula atsopano. Amene anatsatirapo nkhani ya ku Chandigarh ku India adziwa kulemera kwa zimenezi: kumeneko mipando ya Pierre Jeanneret inkatayidwa kuseri kwa maofesi ngati nkhuni, amalonda akunja n'kuitola pa mtengo wozizira, lero ikugulitsidwa pa okushoni ku Paris ndi ku New York pa ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba. Zenera la Afewerk nalo linatsukidwa ndi kukonzedwa, ndipo amene anagwira ntchitoyo ndi Emmanuel Thomas, mdzukulu wa mmisiri wa ku France amene kampani yake inadula ndi kulumikiza magalasiwo poyamba. Nkhani yokoma, eti? Agogo anapanga, mdzukulu wakonza. Koma imandiluma pang'ono. Patatha zaka zoposa 60, luso losamalira zenera lotchuka kwambiri mu Africa likadali m'banja la ku France. Ethiopia ndi dziko limene linasema matchalitchi a Lalibela m'thanthwe. Manja alipo. Ntchito ya madola 57 miliyoni ikadzayesedwa bwino, funso limodzi lidzakhala lakuti zenerali likadzafuna dokotala ulendo wina, kodi adzachokera mumzinda womwewo kapena adzakweranso ndege.

Pali nkhani ya matailosi imene ndaisinkhasinkha kwambiri. Kunja kwa nyumbayi kunakutidwa ndi timatailosi ting'onoting'ono, ndipo titawonongeka okonzawa anapangitsa tatsopano tokwana 13 miliyoni, tofanana ndi takale mtundu ndi maonekedwe. Apa anthu osunga zakale amagawikana. Pangano la ku Venice la 1964, limene ndi ngati malamulo khumi a ntchitoyi, limafuna kuti chakale chenicheni chilemekezedwe, ndipo chimene wawonjezera chizidziwika kuti n'chatsopano. Ndiye wina akhoza kufunsa kuti khungu lonse likasinthidwa, nyumbayo ikadali yomweyo? Ine ndili kumbali ya okonza. Tailosi la m'fakitale si mwala wosemedwa ndi dzanja la munthu amene anafa kalekale. Mezzedimi sanaumbe tailosi ngakhale limodzi. Anasankha mtundu, kukula ndi kasanjidwe, ndipo zimenezo ndi zimene zabwezedwa. Ifenso kumudzi timadziwa kuti nyumba imafoleredwa udzu watsopano, kuzira pansi chaka ndi chaka, koma palibe amene amati agogo asamukira m'nyumba ina. Msonkhano wa ku Nara ku Japan mu 1994 unavomereza zomwezi, kuti si mitundu yonse imene imayeza kukhala chenicheni kwa chinthu poona ukale wa zipangizo. Chimene ndikanadana nacho n'chakuti akanamata malata onyezimira aja ndi magalasi abuluu amene tsopano ali pa nyumba iliyonse yofuna kuoneka yatsopano. Sanatero.

Komabe pali mtengo umene kukonza kotere kumalipira. Holo imene yabwezedwa ndi ya 1961, ya tsiku lotsegulira, yopanda banga. Koma Africa Hall inakhala ndi moyo zaka zonse za pakatipa, ndipo zambiri mwa izo sizinali zokoma. OAU ija inasanduka bwalo limene atsogoleri ankatetezana, lamulo lake lalikulu lili lakuti za m'nyumba ya mnzako usalowerere. Mu 1975 inasankha Idi Amin kukhala wapampando. Mzinda womwewo unaona magazi a ulamuliro wa Derg. Nyumba yopukutidwa bwino imatiitana kuti tikumbukire m'mawa mokha, chiyembekezo chisanathimbirire. Okonzawa anaikamo malo olandirira alendo ndi chionetsero cha mbiri, ndipo pamenepo ndi pamene ntchitoyi idzaime kapena kugwa. Chionetsero chimene chingangoonetsa amuna 32 akumwetulira mu masuti ndi mikanjo chidzakhala chitapenta mbiri ngati mmene timapentera miyala ya m'mbali mwa msewu bwana akamabwera.

Za mphothoyo payokha ndidutse mwachangu. Knoll ndi kampani yogulitsa mipando, ndipo mipando yake yotchuka ndi ya nyengo yomweyi, ya Mies van der Rohe ndi Eero Saarinen. Dziko likamakonda kamangidwe ka m'ma 1950, malonda ake amayenda. Sindikuti n'kulakwa, wamalonda aliyense amathirira mtengo umene amadya zipatso zake. Ndipo oweruza ake asankhapo bwino kangapo: mu 2012 anapatsa sukulu ya pulayimale yamatabwa ya ku Hizuchi ku Japan, mu 2021 anapatsa depoti ya mabasi ya ku Preston ku England, ya 1969, imene khonsolo inafuna kuigwetsa anthu wamba n'kuikanira. Depoti ya mabasi, anzanga. Zimenezo zimandiuza kuti mphothoyi imatha kuona nyumba za anthu oyenda pansi. Koma itafika mu Africa yafikira pa nyumba ya atsogoleri, ya mwini wolemera, yokhala kuseri kwa mpanda ndi alonda. Inali nyumba yosavuta kuikonda.

Ndipo apa ndi pamene kamchenga kaja kali. Chaka chomwecho cha 2024, makilomita ochepa kuchokera pa Africa Hall, boma linagwetsa mbali yaikulu ya Piassa, dera lakale la pakati pa Addis Ababa, pofuna kukuza misewu ndi kukongoletsa mzinda. Munali timashopu ta osula golide, malo omwera khofi, nyumba zamatabwa ndi miyala za zaka zana, komanso nyumba za kamangidwe kamakono ka nthawi ya Italy ndi pambuyo pake. Anthu ambiri anauzidwa kutatsala masiku ochepa, n'kusamutsidwira kunja kwa mzinda. Ndiye mu October nduna yaikulu yomweyo ikuima mu Africa Hall pa mwambo wolemekeza kusunga mbiri. Akatswiri a ku Australia aja sanagwetse Piassa, ndipo sindikuwasenzetsa mlandu wa eni mzinda. Koma amene akupereka ulemu ayenera kudziwa kuti mendulo yawo ikugwira ntchito yanji. Mzinda ukhoza kusunga nyumba imodzi yokongola ngati satifiketi yopachika pakhoma, kuti aliyense wofunsa za zimene zagwetsedwa aziloza pamenepo. Chikomekome cha nkuyu.

Mwina mukuti, za ku Ethiopia zikutikhudza bwanji ife. Haile Selassie anabwera kuno mu 1965. Ndiye chifukwa pa phiri la Zomba pali Emperor's View, ndipo pakati pa Blantyre pali msewu wa dzina lake. Bingu wa Mutharika anagwira ntchito zaka zambiri ku ECA, bungwe lomwelo la Africa Hall, asanapite ku COMESA. Koma ulusi weniweni ndi wina, ndipo ndi wowawa. Pamene mayiko a OAU ankalumbira kuti aisala South Africa ya tsankho, Kamuzu anatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe inachokera komweko. Likulu linasamuka ku Zomba mu 1975. Kutanthauza kuti nyumba zathu zikuluzikulu za nyengo imeneyi, maofesi a pa Capital Hill ndi mapulani onse a City Centre, zinabadwa pa kukana zimene zinalumbiridwa mu Africa Hall. Holo ya ku Addis ndi Capital Hill ndi ana a chinenero chimodzi cha konkire amene makolo awo sankalankhulana.

N'chifukwa chake nkhani yosunga nyumbazi kwathu kuno ndi yovuta kuposa ya ku Addis. Kumeneko akusunga malo amene Africa amanyadira. Ife tikanati tisunge, tikusunga chiyani? Kwa ena a m'badwo wa makolo athu nyumba zimenezi zimanunkha nthawi ya makadi a chipani ndi anthu osowa usiku. Kwa ena ndi umboni wakuti kale zinthu zinkamangidwa zolimba. Magulu onsewa akulankhula za Kamuzu, palibe amene akulankhula za nyumba. Ine ndikuti tiyang'ane nyumbazo. Imani patsogolo pa Reserve Bank ku Lilongwe, ija imakula ikamakwera m'mwamba, muone mmene nsanjika iliyonse imachitira mthunzi inzake ya pansi. Yendani m'makhonde a ku Chancellor College ku Zomba mvula ikugwa, muone kuti mukhoza kuchoka kalasi ina kupita ina osanyowa, mphepo ikudutsa. Anthu amene anajambula zimenezi ankaganizira za October wathu. Ankadziwa kumene dzuwa limatulukira.

Yerekezani ndi zimene tikumanga lero: bokosi la magalasi kuyang'ana kumadzulo, lopanda khonde, lopanda zenera lotseguka, limene limakhalika pokhapokha makina oziziritsa mpweya akulira. Magetsi akazima, m'dziko limene magetsi amazima, bokosilo limasanduka uvuni mpaka jenereta idzuke, ndipo jenereta imamwa dizilo wogulidwa ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Apa kusunga nyumba ya 1970 si nkhani ya anthu okonda zakale okhala ndi nthawi yotaya. Simenti imene ili m'makoma amenewo inalipiridwa kale. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni wa dziko lonse, ndipo njerwa zootcha mukudziwa zimene zachita ku mapiri athu. Kugwetsa nyumba yolimba kuti umange ina ya msinkhu womwewo ndi kugula kawiri chinthu chimodzi.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi thumba lathu si Africa Hall, ndi siteshoni ya sitima ya ku Beira, kumene njanji ya Sena yochokera mbali yathu ino imathera. Inatsegulidwa mu 1966, ndi denga lake lalikulu lopindika ngati uta kumaso kwake. Mu 2019, chaka chimene namondwe Idai anasakaza mzindawo, bungwe la Getty Foundation linaipatsa thandizo kudzera mu pologalamu yake ya Keeping It Modern. Ndalama za pologalamu imeneyo kwenikweni sizinali zomangira. Zinali zoti akatswiri afufuze nyumba, apeze mapulani ake oyambirira, ayeze konkire, alembe buku lonena kuti ichi musakhudze, ichi mukhoza kusintha, paipi iyi muzitsuka mvula isanayambe. Uganda Museum ya ku Kampala ndi laibulale ya ana ya ku Accra zinalandiranso thandizo lotere. Palibe riboni imene imadulidwa pa ntchito ngati imeneyi, ndipo mwina n'chifukwa chake sitimva za iyo. Mumzinda womwewo wa Beira muli Grande Hotel, imene inatsegulidwa m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, ndipo lero mukukhala mabanja ochuluka opanda madzi ndi magetsi, mitengo itamera pa makhonde. Nayonso ndi nyumba ya nyengo yomweyi. Amene akuisunga kuti isagwe ndi anthu amene alibe kwina kopita, ndipo mphotho ya iwowo sinapangidwe.

Kwathu kuno mdani wamkulu wa nyumbazi si buludoza. Ndi kukonza. Nyumba imapatsidwa bajeti yoti ioneke bwino, ndiye kontirakitala amabwera n'kutseka njerwa zamabowo zija ndi pulasitala chifukwa akuti zimalowetsa fumbi, kumata matailosi oterera pamwamba pa terazo imene ikanangofuna kupukutidwa, kuzula mawindo achitsulo n'kuika a aluminiyamu osatseguka, kupenta konkire yense mtundu wa kampani imene yachita lendi pansi. Pakutha pa mwezi nyumba ija yatentha, yada m'kati, ndipo aliyense akuvomereza kuti nyumba zakale n'zosakhalika. Ku Africa Hall anayamba ndi kufunafuna zojambula za Mezzedimi ndi zithunzi zakale kuti adziwe chimene mwini wake ankafuna, asanakhudze khoma. Sitepe imeneyo siifuna madola 57 miliyoni. Imafuna wophunzira wa za mapulani a nyumba ku MUBAS, tepi yoyezera, foni ya kamera yabwino, ndi munthu wa ku National Archives ku Zomba woti amutsegulire mafayilo a Capital City Development Corporation.